Masiku asanu pakati pa mikanjo yofiira ya ku St Andrews

Lachisanu, 28 Epulo

Ntchito imene inandibweretsa ku Scotland, yochezera sukulu ya sekondale yomwe ili pa ubale ndi sukulu imene ndimaphunzitsako, yatha dzulo, ndipo masiku onditsalira ndawapatula kuti ndione mwana wa mlongo wanga, mtsikana amene akumaliza chaka chachinayi cha maphunziro a sayansi pa yunivesite ya St Andrews. Sindinabwere chimanjamanja. M'chikwama muli ufa woyera, mtedza, tiyi wa ku Thyolo ndi botolo la tsabola wa kambuzi, koma katundu wolemera kuposa zonsezi ndi uthenga wa mayi ake, amene anandigwira dzanja tsiku lonyamuka n'kunena kuti, "Achimwene, mukamuonetsetse mwanayo, chifukwa zithunzi zimene amatumiza pa WhatsApp n'za magule ndi zakunyanja zokhazokha, buku sindinalionepo."

Ndinakwera sitima pa siteshoni ya Waverley mu Edinburgh cha m'ma 10 koloko m'mawa. Tisanapite patali tinaoloka mlatho wachitsulo wofiira wa Forth, umene udatsegulidwa mu 1890, kenako njanji inatsata gombe mpaka ku Kirkcaldy isanakhotere kumtunda kudzera ku Cupar. Kwathu ano ndi masika, anthu ali kalikiliki kukolola chimanga ndipo udzu wayamba kuuma, koma kuno zinthu n'zotembenuka, pakuti mitengo imene inayoyola masamba onse m'miyezi yozizira ikuphukira kumene, tiana ta nkhosa tikujowajowa m'madambo, ndipo minda ina yachita chikasu chokhachokha ndi maluwa a mbewu imene amayengera mafuta ophikira. Nyengo imeneyi eni ake amaitcha spring, ndipo munthu ukaona mmene akuikondwerera umadziwa kuti mdima ndi chisanu zinawakhalitsa m'nyumba nthawi yaitali.

Sitima sifika mu St Andrews mwenimweni, chifukwa njanji yolowa m'tawuniyi idatsekedwa mu 1969. Ndinatsikira pa Leuchars n'kukwera basi nambala 99, ndipo patangopita mphindi zochepa ndinali pa depoti, pamene mwanayo amandidikira. Anapinda maondo pang'ono monga adaleredwera, nati, "Takulandirani amalume, mwayenda bwanji?" ndipo mtima wanga unayamba kukhala pansi pomwepo.

Tawuniyi ndi yaing'ono moti munthu ukhoza kuidutsa wapansi osatuluka thukuta. Ili ndi misewu ikuluikulu itatu, North Street, Market Street ndi South Street, ndipo yonse imaloza kum'mawa, kumene kuli mabwinja a tchalitchi chachikulu chimene chidapatulidwa mu 1318 pamaso pa mfumu Robert the Bruce. Yunivesiteyi idalandira chilolezo cha Papa mu 1413, kotero ndiyo yakale kwambiri mu Scotland monse. Chimene chandidabwitsa n'chakuti ilibe mpanda kapena chipata chimodzi cholowera. Ife amene tidaphunzira ku Chirunga tidazolowera kuti koleji ili payokha ndipo tawuni ya Zomba ili uko, koma kuno chipinda chophunziriramo chagundizana ndi sitolo ya buledi, nyumba ya gogo wina yagundizana ndi nyumba yogona ophunzira, ndipo sungaloze pamene yunivesite yathera. Ophunzira alipo oposa 10,000, ochokera m'maiko ambirimbiri, m'tawuni imene anthu ake onse pamodzi safika 20,000. Anthu okhalirana chonchi ayenera kupeza njira yomvanirana, apo ayi adzatopetsana.

Pa chitseko cha laibulale ndi m'mawindo a masitolo mwamatidwa zikalata zoitanira anthu ku zochitika zosiyanasiyana: makwaya, masewero a zisudzo, kutola zinyalala pagombe, kugulitsa makeke pothandiza ovutika. Mwanayo akuti chionetsero chachikulu cha mwezi uno chandiphonya, cha Kate Kennedy, chimene chidayambiranso mu 1926, pamene ophunzira amavala ngati anthu otchuka a m'mbiri ya tawuniyi ndi ya dziko lino, monga John Knox ndi Mary Queen of Scots, n'kuyenda m'misewu pamodzi ndi ngolo yokokedwa ndi akavalo yokongoletsedwa ndi maluwa achikasu, anthu a m'tawuni atandanda m'mbali ndi ana awo. Koma wandilimbitsa mtima kuti zazikulu zina zikadali patsogolo. Pamene ndikulemba pano nthawi yapitirira 8 koloko madzulo, koma kunja kukadali kowala ngati 5 koloko ya kwathu.

Loweruka, 29 Epulo

Tinalawirira ku Craigtoun, paki imene ili kunja pang'ono kwa tawuni, kumene Loweruka lililonse nthawi ya 9:30 m'mawa anthu amathamanga mtunda wa makilomita 5 popanda kulipira kanthu. Panali ophunzira, azibambo okankha tingolo ta ana, ndi agogo a imvi zawo, ndipo olemba nthawi ndi olozera njira onse anali odzipereka chabe. Ine ndinaima pambali n'kumaomba m'manja pamodzi ndi ena.

Chimene ndikufuna kukhalapo pang'ono ndi dimba limene tinapitako masana. Pa yunivesiteyi pali gulu la ophunzira, ogwira ntchito ndi anthu a m'tawuni lotchedwa Transition, limene limasamalira timadimba ta ndiwo zamasamba m'malo osiyanasiyana, kuseri kwa nyumba zogona ophunzira ndi m'makona ena amene bwenzi pakungomera kapinga. Aliyense amene wagwirako ntchito ali ndi ufulu wothyolako ndiwo. Lero amabzala mbatatesi ndi kuokera mbande za kabichi ndi anyezi, ndipo tinalipo anthu mwina khumi ndi awiri. Ndinaona mnyamata wina wa ku China atagwira fosholo ngati akuiopa, mayi wina wachikulire wa m'tawuni momwemo akumuonetsa pamene aponde ndi phazi, ndipo chapatali pang'ono mwana wa mlongo wanga atawerama, manja ali dothi lokhalokha, akuunda mzere wowongoka bwino lomwe. Mayi aja anandiuza kuti mtsikanayu ndiye mphunzitsi wawo pa nkhani ya mizere ndi manyowa. Ndinakumbukira mmene ankalirira ali wamng'ono agogo ake akamudzutsa m'mamawa kuti akapalire, ndipo ndinaona kuti luso limene ankaliyesa chilango ndilo lamupatsa ulemu pakati pa alendo. Dothi lake ndi lakuda, lozizira moti zala zimachita dzanzi, ndipo lili ndi nyongolotsi zonenepa. Khasu ngati lathu kulibe, amagwiritsa ntchito fosholo ndi chifoloko chachitsulo, koma nditapatsidwa mzere wanga ndinaumaliza bwinobwino. Titaweruka tinamwa tiyi wa m'fulasiki titakhala pa matabwa, ndipo mayi aja anafotokoza kuti amuna awo adamwalira zaka zapitazo, ana awo ali kutali, ndipo tsiku la kudimba ndilo tsiku limene amayankhula ndi anthu ambiri pa sabata yonse.

Pobwerera tinadzera ku laibulale yaikulu ya pa North Street, chifukwa ndinaumirira kuti ndione ndi maso anga. Munali modzaza moti mpando wopanda munthu unali wosowa, muli zii, aliyense maso ali pa kompyuta kapena pa buku, pakuti ino ndi nthawi yobwereza zimene aphunzira pokonzekera mayeso. Mwanayo anandilozera pakona pamene amakonda kukhala, nanena kuti kumeneko sajambulako zithunzi chifukwa palibe choti munthu aone.

Madzulo kunali gule wachisikoti wotchedwa ceilidh m'holo ina ya m'tawuni. Oimba anali ndi vayolini, akodiyoni ndi ng'oma, ndipo patsogolo panaima mtsikana wofotokoza mapondedwe a gule aliyense asanayambe, kotero kuti ngakhale mlendo wofika tsiku lomwelo akhoza kulowa m'bwalo. Pa gule wina wotchedwa Strip the Willow anthu amaima mizere iwiri moyang'anizana, ndipo awiri akutsogolo amatsika mzerewo akukolekana mikono ndi munthu aliyense motsatizana, mpaka wavina ndi holo yonse. Ndi gule wosasiya munthu pampando, ndipo pamenepa akufanana ndi magule athu a paukwati, pamene mlendo amakokedwa dzanja kuti asangoonerera. Mowa unalipo, koma ochuluka amathamangira madzi akumwa chifukwa cha befu.

Lamulungu, 30 Epulo

Lero ndi tsiku limene ndidzalikumbuke nthawi yaitali, ndipo ndikulemba usiku kwambiri, zovala zikununkhabe utsi.

M'mawa tinapita kukapemphera m'tchalitchi cha St Salvator's, cha koleji imene Bishopu James Kennedy adaikhazikitsa mu 1450. Titayandikira chipata cha pansi pa nsanja, mwanayo anandikoka mkono kuti ndilambalale. Pansi, pakati pa miyala yoyalidwa m'njira, pali zilembo ziwiri, P ndi H, ndipo ndinaona ophunzira onse, ngakhale amene maso anali pa foni, akuzipatuka mosaphonya. Pamalo pamenepo ndi pamene Patrick Hamilton adatenthedwa wamoyo pa 29 Febuluwale 1528, ali ndi zaka 24 zokha, chifukwa chophunzitsa chiphunzitso cha Martin Luther. Ophunzira amati ukapondapo udzalephera digiri yako. Ine ndinaima pamenepo kanthawi ndithu, chifukwa ndine wa mpingo wa CCAP, ndipo mpingo umenewu mizu yake ina ili m'dziko lino: amishoni a Livingstonia adafika kwathu mu 1875, a Blantyre mu 1876, ndipo onsewo anali zidzukulu za kusintha kwa mpingo kumene mnyamatayu adakufera. Sindikhulupirira kuti mwala ungalepheretse munthu mayeso, koma ndaona kuti chifukwa cha mwambo umenewu palibe wophunzira amene amachoka pano osadziwa dzina la Hamilton, pamene ife aphunzitsi timavutika chaka chonse kuti ana asunge dzina limodzi la m'mbiri.

Mapemphero atatha, ophunzira ovala mikanjo yofiira anayamba ulendo wopita kudoko. Mikanjoyi ndi yaubweya, yolemera, ndipo kavalidwe kake kamanena chaka chimene munthu ali. Wa chaka choyamba amauvala bwinobwino m'mapewa onse, wa chaka chachiwiri amautsitsa pang'ono, wa chaka chachitatu amavula phewa limodzi, lamanja ngati ndi wa sayansi ndipo lamanzere ngati ndi wa maphunziro enawo, pamene wa chaka chachinayi amaulendeweretsa m'zigongono, ngati munthu amene watsala pang'ono kuuvula n'kupita kudziko. Wa mwana wathu unali m'zigongono. Anaugula kwa wophunzira wina amene ankamaliza, ndipo akuti nayenso adzaugulitsa kwa wobwera kumene. Kudoko kuli chikhoma chamiyala cholowa m'nyanja, ndipo mwambo wa Lamulungu ndi woyenda mpaka kunsonga kwake, n'kubwerera podzera pamwamba pake pamene ndi popapatiza ndiponso popanda chogwirira. Ine ndinabwerera m'munsi momwe ndinadzera, mtima uli m'mwamba poona mphepo ikukupiza mikanjo ya ana a eni ake pamwamba paja.

Masana tinayenda pa bwalo lotchuka la gofu la Old Course. Lamulungu sasewerapo, ndipo limasanduka paki ya aliyense, kotero malo amene anthu olemera amaolokera nyanja kuti adzasewerepo anali odzaza ndi agalu, ana ndi ophunzira ojambulitsa pa kamlatho kamiyala ka Swilcan.

Koma chachikulu chinali madzulo, pa mwambo wotchedwa Gaudie. Nkhani yake ndi iyi. Mu Januwale 1800 chombo chotchedwa Janet, cha ku Macduff, chidatitimira pamchenga pafupi ndi gombe la East Sands kuli namondwe woopsa, ndipo anthu a m'tawuni adasonkhana pamtunda osadziwa chochita. Wophunzira wina wa zaka 19, John Honey, adadzimanga chingwe n'kulowa m'mafundemo, ndipo adapita ndi kubwerera mpaka adapulumutsa amalinyero asanu. Pambuyo pake adakhala m'busa, koma adamwalira akadali wachinyamata. Chaka chilichonse pa 30 Epulo ophunzira amamukumbukira poyenda ndi miuni ya moto kuchokera pakati pa tawuni mpaka kudoko.

Tinasonkhana dzuwa litangolowa, cha m'ma 9 koloko. Ophunzira okonza mwambowu amagawa miuni n'kumachenjeza aliyense kuti atalikirane, ndipo moto unayamba kupatsiranidwa kuchokera kwa wina kupita kwa mnzake mpaka msewu wonse unayaka. Patsogolo panali woimba chitoliro chachisikoti chija chokhala ndi thumba lopanira m'khwapa, chimene kulira kwake kumalowa mpaka m'mafupa. Tinatsetsereka pang'onopang'ono kudutsa mabwinja a tchalitchi chachikulu, makoma ake akuoneka ofiirira ndi kuwala kwa moto, anthu a m'tawuni ataima m'makomo ndi m'mbali mwa njira, ena atanyamula ana paphewa. Ine ndinatsalira pamtunda pamwamba pa doko kuti ndione bwino, ndipo kuchokera pamenepo chikhoma chonse chija chinasanduka mzere umodzi wa moto woloza m'nyanja yakuda bii, mikanjo yofiira ikuoneka apo ndi apo, phula la miuni likudonthera pamiyala. Phokoso limene linalipo poyamba linazilala lokha. Nkhata ya maluwa inaponyedwa m'madzi pokumbukira mnyamata uja.

Bambo wina wachikulire amene anaima pafupi nane anandiuza kuti makolo ake anali asodzi a padoko pomwepo, ndipo amabwera chaka chilichonse. Anati ophunzira amawasowetsa tulo ndi phokoso ndipo akweza mitengo ya nyumba, koma usiku uno amawakhululukira. Mawu amenewa andikhala mumtima. Yunivesite imeneyi yatulutsa anthu otchuka ambiri, ngakhale Prince William adamaliza maphunziro ake pompano mu 2005, koma amene ophunzira adasankha kumuyatsira moto chaka ndi chaka ndi mnzawo amene adaika moyo wake pachiswe chifukwa cha amalinyero osawadziwa. Sindikudziwa phunziro la m'kalasi limene lingaphunzitse zimenezi momveka kuposa mmene miuni ija yachitira.

Mwanayo wandiuza kuti ndigone msanga chifukwa adzandigogodera 4 koloko.

Lolemba, 1 Meyi

Kwathu lero ndi tchuthi cha tsiku la apantchito, ndipo ndikudziwa kuti ambiri mwa inu munadzuka mochedwa. Ine 4 koloko inandipeza nditavala majuzi awiri, jekete ndi chipewa, nditanyamula matawulo atatu ndi fulasiki ya tiyi wa ku Thyolo uja, pakuti ntchito imene ndinapatsidwa inali yosunga katundu.

Mwambo wa lero umatchedwa May Dip. Dzuwa likamatuluka pa 1 Meyi, ophunzira amathamangira m'nyanja ya North Sea pa gombe la East Sands, pomwe paja John Honey adalowera m'madzi. Amati madziwo amachotsa tsoka la amene adaponda zilembo za Patrick Hamilton ndipo amabweretsa mwayi pa mayeso. Titafika, mchenga wonse unali wodzaza ndi achinyamata mazanamazana, ambiri a iwo osagona usiku wonse, atafunda mabulangete ndi mikanjo, akunjenjemera ndi kuimba. Kum'mawa kunayamba kufiira pang'onopang'ono kuseri kwa madzi, ndipo patangopitirira 5 koloko gulu loyamba linakuwa n'kuthamanga, ena onse n'kutsatira ngati dzombe.

Tisamayerekeze ndi kusamba ku Salima kapena ku Mangochi. Madzi a nyanja imeneyi pa nthawi ino safika madigiri 10, ndipo nditavula nsapato n'kulowetsa mapazi mpaka m'akakolo ndinamva ngati ndaponda singano, mwakuti pasanathe mphindi zala zinaleka kumva kanthu. Mwana wathu anagwirana manja ndi anzake anayi, wina wa ku Kenya, wina wa ku America ndi awiri a konkuno, ndipo analowa mpaka m'chiuno, nawerenga mpaka katatu, namira onse pamodzi. Anatuluka akukuwa, milomo itachita imvi, mano akugundana, ndipo anathamangira kwa ine. Ndinamufunditsa tawulo n'kumuthirira tiyi, koma manja ake ankanjenjemera moti kapu ndinachita kumugwirira ndine, monga ndinkachitira ali khanda. Atapezako mpweya anati, "Amalume, chaka choyamba ndinangoima uko ndekha, ndikulira ndi kufuna kwathu. Lero ndi komaliza." Sindinamuyankhe, chifukwa mawu anandithawa.

Sindibisa kuti pali zina zimene sizinandikondweretse. Achinyamata ena anafika ataledzera kwambiri, ndipo mowa ndi madzi ozizira chotere ndi zinthu zosayenera kukumana, chifukwa thupi limataya kutentha msanga munthu osazindikira. N'chifukwa chake panali achitetezo ndi anthu a chithandizo choyamba, ndipo ndinaona mnyamata wina akumukulunga m'chinsalu chonyezimira chosunga kutentha. Chinanso ndi anthu a makamera akuluakulu amene anaima chapatali n'kumajambula atsikana ovala zosambira popanda kuwapempha. Mwanayo akuti ophunzira akhala akudandaula za khalidwe limeneli, ndipo ine monga kholo ndikugwirizana nawo kwathunthu. Foni yanga inakhala m'thumba mpaka onse atavala.

Za kuchotsa tsoka, ndinafunsa anzake aja ngati amakhulupiriradi. Anaseka, ndipo wina anati chimene chimachoka m'madzimo ndi mantha a mayeso, chifukwa ukapirira kuzizira koteroko pamodzi ndi anzako, pepala la mayeso limachepa mphamvu. Yankho limeneli ndalilandira. Machimo satsukidwa ndi madzi amchere, ndipo anawa akudziwa zimenezo, koma mtima wa mwana amene wakhala pa buku milungu yambiri umafuna tsiku limodzi lokuwa ndi kuthamanga.

Pochoka, gulu lina la ophunzira linatsalira ndi matumba akuda likutola mabotolo, mapepala ndi nsapato zotayika, kuti eni tawuni akamabwera ndi agalu awo apeze gombe lili loyera. Mwana wathu anali m'gulu limenelo, ndipo nanenso ndinatola nawo. Pofika 10 koloko iye anali atakhala kale pakona pake paja mu laibulale, tsitsi lisanaumitsitse. Ine ndinagona mpaka masana, ndipo madzulo ndinakaona nyumba yosungiramo zakale ya Wardlaw, yolowa ulere, mmene muli ndodo zaulemu za yunivesiteyi za zaka za m'ma 1400, zimene amazinyamulabe pa mwambo wopereka madigiri.

Lachiwiri, 2 Meyi

Dzulo usiku tinaphika nsima ndi ufa uja, ndiwo zake nkhuku ndi masamba otendera, ndipo kunabwera alendo atatu amene mwanayo anawatchula kuti ndi ana ake. Ndinadzidzimuka, koma anandifotokozera. Pa yunivesiteyi wophunzira wa chaka chachitatu amatenga obwera kumene n'kukhala mayi kapena bambo wawo wa pasukulu, wowalangiza, wowaonetsa njira ndi wowafunsa ngati adya. Iyenso adali ndi mayi wake wotere, mtsikana wa ku Glasgow, amene adamugulira jekete yoyamba yochindikala ndi kumutengera kwa makolo ake pa Khirisimasi, pamene nyumba zogona zinali pululu. Ana akewo, mmodzi wa ku India ndi awiri a ku England, atamva kuti ndine mlongo wa mayi ake omubereka, anagwirizana kuti ndine agogo awo, ndipo ndinawaphunzitsa kusamba m'manja ndi kutema mbamu. Anadya mpaka poto anayera. Kwa ife ubale wopanda magazi si chinthu chachilendo, ndipo ndinaona kuti mwanayu udindo umenewu wautenga mozama, mwina kuposa mmene eni mwambowo amayembekezera.

Si zonse zili zofewa. Nyumba m'tawuni muno n'zodula kwambiri, moti ophunzira ena amakhala ku Dundee n'kumayendera basi tsiku lililonse, ndipo zochitika zina za nyengo ino, makamaka madansi akuluakulu ovala masuti ndi madiresi aatali, matikiti ake ndi okwera mtengo kwa mwana wochokera kwathu. Iye wandiuza poyera kuti ambiri mwa amenewo sanapiteko. Zimene zamusunga zaka zinayi ndi zaulere zija: dimba, kwaya ya kutchalitchi, gule wa Loweruka, miuni ndi nyanja. Zinandikumbutsa masiku athu ku Chancellor College, pamene gulu la zisudzo la Travelling Theatre linkatuluka pakoleji kukasewera kwa anthu, ndipo ambiri a ife zimene tidaphunzira m'magulu oterowo ndizo tikudyerabe mpaka lero pa ntchito ya uphunzitsi.

Mwambo umodzi umene sindiuona ndi wa tsiku lomaliza. Wophunzira wa chaka chachinayi akamatuluka m'chipinda cholembera mayeso ake otsiriza, anzake amamudikira panja ndi zidebe za madzi ozizira n'kumukhuthulira. Ana ake aja andilonjeza kuti adzajambula n'kunditumizira.

M'mawa uno ndinaimbira mlongo wanga, mwanayo ali pambali panga. Ndinamuuza za pakona pa mu laibulale, za mzere wa mbatatesi, za zidzukulu zitatu zimene sankadziwa kuti ali nazo, ndi za nyanja. Anakhala chete kanthawi, kenako anafunsa ngati mwanayo anavala juzi atatuluka m'madzimo, ndipo ndinamutsimikizira kuti ndinamuveka ndine.

Basi ya ku Leuchars inanyamuka 11 koloko. Anandiperekeza mpaka padepoti atanyamula chikwama changa, chimene tsopano chapepuka, ndipo m'thumba la jekete anandiikira kapaketi ka mbewu za kabichi wa kudimba kuja kuti ndikapatse agogo ake. Basi isanakhote ndinamuona akuyang'ana wotchi, kenako anatembenuka n'kulunjika ku North Street.